Womenya Pomaliza

Ku St. Gereon zinthu zinayi zili malo amodzi: tchalitchi, manda, bwalo la besibo (mpira womenya ndi chibonga n'kuthamanga kuzungulira malo anayi otchedwa mabesi) ndi bala ya Tillie. Munthu akhoza kubatizidwa, kusewera mpira, kumwa mowa ndi kuikidwa m'manda osayenda mtunda woti n'kutopa nawo. Leander Nathe zitatu mwa zimenezi anazichita mokhulupirika, chachinayicho akuchidikira. Koma alimi a ng'ombe a dera lino la Minnesota amam'dziwa chifukwa cha bwalo. Anakhala kochi wa timu ya mudzi wathu kuyambira tsitsi lili bii mpaka litayoyoka lonse.

Mkati mwa sabata ankagwira ntchito pachigayo cha zakudya za ziweto, ndipo amene wapita kukagula thumba limodzi ankabwerako ndi phunziro laulere. Leander sankatha kuona anthu asanu ndi anayi ataima pamodzi osayamba kuwasanja m'mutu mwake. Mkazi wake Marcella ankati ngakhale m'tchalitchi, ena akupita kukalandira mgonero, milomo ya mwamuna wake inkagwedera, osati ndi pemphero ayi, koma kuwerenga amene akanamenya pambuyo pa mnzake.

"Mndandanda wa omenya si mzere wa pachigayo, woti wafika msanga ndiye woyamba," ankatero atatsamira matumba. "Atatu akatulutsidwa chigawo chatha, mwatula chibonga, mukatenge magolovesi. Ndiye mwayi umenewo suumwaza ngati chimanga cha nkhuku. Woyamba akhale waliwiro ndi wa diso, wofika pa besi yoyamba ngakhale pochita kugendedwa mpira m'nthiti. Wachiwiri akhale wosadzikonda, wolola kutulutsidwa bola mnzake asunthe. Wachitatu ndiye katswiri wanu."

Apa ankayamba watsokomola pang'ono, chifukwa wachitatu anali iye mwini.

"Wachinayi ndi chimphona chosesa onse amene ali pa mabesi. Kuchokera apo uzitsika nawo monga mwa mphamvu zawo."

"Nanga wachisanu ndi chinayi?" alimi ankam'funsa dala, akutsinana.

"Ameneyo ndi amene Mulungu wakupatsa."

Ndipo amene Mulungu anam'patsa Leander anali mng'ono wake weniweni, Cyril, wa bere limodzi.

Cyril anali wowakha, uja amanjuta kumbuyo kwa womenya atavala chigoba cha waya kumaso. Pa ntchito imeneyo panalibe wom'posa m'midzi yonse yozungulira. Zala zake zinali zokhotakhota chifukwa cha mipira, ndipo woponya aliyense, ngakhale wamisala, akaona golovesi ya Cyril mtima unkakhala pansi. Koma pa chibonga, ayi ndithu. Mpira ankaugunda mwa apo ndi apo, ndipo akaugunda kuthamanga kwake kunkamvetsa chisoni. Ochemerera anam'patsa dzina loti Thirakitala. "Ikani giya yachiwiri, a Thirakitala!" ankakuwa atanyamula mabotolo, iye n'kumangoseka nawo. Ukaipa dziwa nyimbo, ndipo nyimbo yake Cyril ankaidziwa, choncho malo omaliza sankawadandaula.

Tisam'namizire Leander, sankadana ndi mng'ono wake. Chimene ankaopa kuposa matalala ndi mawu akuti kukondera. M'mudzi mwathu aliyense ndi msuweni wa mnzake, ndipo kochi wokondera achibale sachedwa kuona timu itabalalika. Bambo mfumu anam'pemphapo kuti akweze mwana wa mlongo wawo pa mndandanda, iye anakana. Mlamu wake anam'khazika pabenchi mwezi wathunthu, mpaka kunyumba ankadya mbatatesi zozizira. Anthu ankamulemekeza chifukwa cha kuuma mutu kumeneko, ndipo iye ulemuwo ankaumva kukoma kwambiri.

Bambo awo, a Othmar, anali asanapondepo pabwalo. "Ng'ombe sizidziwa Lamulungu," ankatero. Ankati mpira ndi wa anthu opanda khola. Koma Lamulungu lililonse, misa ikatha, ntchito yonse ya pafamu ankaisenza okha ndi mayi Hildegard kuti anyamata onse awiri akasewere, ndipo zoti akuchitira ana sanazitchulepo. Leander anali atachoka pakhomo kalekale. Cyril sanakwatire, anatsala pafamu, akukama ng'ombe ndi bambo ake m'mawa ndi madzulo.

Nyuzipepala ya sabata ikafika, a Othmar ankavala magalasi n'kufufuza dzina la banja lawo. La Leander linkapezeka pafupifupi nthawi zonse. La wowakha amalilemba ndani?

"Nanga iwe Cyril, kumeneko umakagulitsa mowa kapena?" ankafunsa.

"Ndimasewera, ababa."

"Ndiye a nyuzipepalawa inki imawathera akafika pa iwe?"

Zinali nthabwala, a Othmar anali choncho. Cyril ankaseka n'kutuluka kupita kukhola.

Kenaka chinafika chaka chimene fumbi la udzu wouma, lomwe a Othmar anapuma moyo wawo wonse, linayamba kuwatseka chifuwa. Pofika mwezi wa Julaye sankatha kuyenda kuchoka pakhonde kufika pakhola osapumira panjira. Dokotala anawauza mayi Hildegard pambali kuti mwamuna wawo chimanga cha chaka chimenecho sadzachiona chikukololedwa.

Loweruka lina Cyril anabwera pachigayo kudzatenga chakudya cha ng'ombe. Anakweza matumba onse, koma m'malo mokwera galimoto anaima pakhomo akupotokola chipewa.

"Achimwene, mawa ababa akubwera kumpira."

"Ababa ati?"

"Tili nawo angati?"

Leander anasiya thumba limene ankasoka. "Anena okha?"

"Okha. Akuti akufuna akaone chimene chawakamitsa ng'ombe okha zaka zonsezi. Amayi awabweretsa pagalimoto, aimika kumpanda. Koma sakhalitsa, dzuwa likumawafoola msanga."

"Ndiye nkhani yabwinotu imeneyo."

Cyril sanasunthe. "Ndimati mawa lokha mundiike woyamba."

Leander anaseka. Pa zonse zimene zinachitika pambuyo pake, kuseka kumeneko n'kumene kumam'bwerera kawirikawiri, chifukwa kunali kuseka kwenikweni, kochokera m'mimba.

"Iwe woyamba? Ukamafika pa besi yoyamba anthu adzakhala atapita kokakama!"

"Ndi mawa lokha, achimwene. Andione nditagwira chibonga, nkhope ili poyera. Ndikanjuta kuja ndi chigoba, kuchokera kumpanda adziwa bwanji kuti ndine?"

"Cyril, mawa tikumenyana ndi a Rothdale. Wopambana akupita ku mpikisano wa Minnesota yense. Anyamata enawo ndikawauza chiyani? Kuti Donnie, amene amathamanga ngati wapondedwa mchira, atsike chifukwa kochi ali ndi mng'ono wake?"

"Akhoza kumvetsa."

"Tamvera. Zivute zitani, womaliza amamenya pa chigawo chachitatu. Sizingapitirire apo. Ababa angalephere kudikira zigawo zitatu zokha?"

Masamu ake anali olondola, ndipo masamu a Leander ankakhala olondola nthawi zonse. Cyril anavala chipewa chake.

"Chabwino, achimwene."

Lamulungu kunatentha koopsa. Chimanga cha kuseri kwa bwalo chinangoti zii, popanda kamphepo. Monga mwa mwambo wathu, magalimoto anandanda kunja kwa mpanda wa kutali, mphuno zitaloza pabwalo, kuti wathu akamenya bwino aliyense aimbe hutala. Pakati pawo panali galimoto yobiriwira ya a Nathe, mayi Hildegard pa chiwongolero, a Othmar atatsamira pilo. Anthu ankapita kukawapatsa moni pawindo, ena n'kumawaseka kuti kodi ng'ombe lero zaphunzira Lamulungu.

Alendo ndiwo amayamba kumenya, ndipo a Rothdale anachedwa nacho chigawo chawo, ngakhale sanagoletse. Itafika nthawi yathu, zonse zinayenda monga mmene Leander ankalalikira pachigayo. Donnie anafika pa besi yoyamba. Wachiwiri anadzipereka, Donnie n'kusuntha. Leander anabwera, analavulira m'manja, ndipo mpira woyamba womwewo anauswa kuti kho! Unakagwa patsinde pa mpanda, Donnie n'kumaliza kuzungulira mabesi n'kugoletsa, fumbi lili koboo. Mahutala analira bwalo lonse. Ena onse atasiya, imodzi inapitirizabe, yosasa mawu, ndipo Leander ataima pa besi yachiwiri anaizindikira. Bambo ake anali atatambasula dzanja n'kuikanikiza okha. Leander, munthu wamkulu wandevu zake, misozi inalengeza m'maso.

Wachinayi ndi wachisanu anatulutsidwa, chigawo n'kutha. Pa chigawo chachiwiri tinayambira pa wachisanu ndi chimodzi. Mmodzi yekha mwa atatu otsatirawo akanafika pa besi, mwayi ukanam'peza Cyril. Iye anali atavula kale zotchinga m'miyendo, atagwada pa bwalo laling'ono lodikirira, chibonga chili paphewa, tsitsi atalisalaza ndi dzanja. Koma woponya wa Rothdale anali atapsa mtima ndi chigoli chija. Anawadula onse atatu motsatana. Cyril anadzuka, anabweza chibonga, n'kuyamba kumanganso zingwe za m'miyendo.

"Chigawo chikubwerachi ukuyamba ndiwe," Leander anam'sisita paphewa. "Waona? Wakhala woyamba ndithu."

Cyril anatsitsa chigoba kumaso.

Chigawo chachitatu cha a Rothdale chinakana kutha. Woponya wathu mkono unayamba kusochera, mabesi n'kudzaza. Kenaka panabuka mkangano pa besi yachitatu, pomwe Leander ankalonda. Iye ankati wothamanga wam'khudza ndi mpira, woimbira ankati ayi. Kochi wanzeru akanalankhula mawu awiri n'kubwerera pamalo pake. Leander anakangana ngati akulimbirana malire a munda. Anaponya chipewa pansi, anakankha dothi ndi nsapato, anakumbutsa woimbira za maso a agogo ake. Ochemerera ankangothira mafuta pamoto: "Muuze, Leander! Akagule magalasi!" Dzuwa nalo silinaime kudikira kuti amalize.

Pa anthu asanu ndi anayi olonda bwalo, asanu ndi atatu amafulatira mpanda. Woyang'ana kumeneko ndi wowakha yekha. Choncho masewero atayambiranso, Leander sanaone kanthu kumbuyo kwake. Anangoona mng'ono wake akuimirira pakati pa masewero, n'kukweza chigoba pamphumi, maso ali kutali.

"Njuta, Nathe, sitigona pano," anatero woimbira.

Cyril anaimabe pang'ono, kenaka ananjuta.

Chigawo chathu chitafika, Cyril anapita kukamenya. "Lizani injini, a Thirakitala!" wina anakuwa. Mpira wachiwiri anaugunda bwino, mwaukhondo, unadutsa pamwamba pa woponya n'kukagwa pa udzu. Anafika pa besi yoyamba popanda wom'pikisa. Mahutala analira, ndipo Leander anatchera khutu kufuna kumva yosasa ija. Atatembenuka anaona kuti pamzere wa magalimoto pali mpata. A Othmar anali atayamba kubanika, mayi Hildegard n'kuthamangira nawo kunyumba mkangano uja utangotha. Cyril anaima pa besi akuyang'ana nsapato zake.

Tinapambana ndi chigoli chimodzi, ndipo aliyense ankati chimene chinatipulumutsa ndi chija cha Donnie pachiyambi. Anthu anam'nyamula Leander m'mapewa mpaka kwa Tillie. "Mndandanda wako ndi mankhwala, kochi!" ankatero akum'thira mowa kumutu. Pa nkhani ya mpira sanalakwitse kanthu, ndipo ichi n'chimene chinam'sowetsa pogwira zaka zonse zotsatira. Tikanagonja, bwenzi akuti ndinalakwa, n'kupepesa. Cyril kwa Tillie sanafikeko, anapita kukakama.

A Othmar sanadzukenso pabedi. Leander atapita kukawaona, iwo anam'gwira dzanja ndi mphamvu zochepa zimene zinatsala.

"Ndinakuona. Umamenyadi, a nyuzipepala sanama." Anapumira kaye. "Nanga mng'ono wakoyu, amam'patsako chibonga, kapena ntchito yake ndi yonjuta basi?"

"Anamenya, ababa. Mutangochoka. Mpira wabwino kwambiri."

A Othmar anamwetulira, maso ali otseka. "Iwe umamuikira kumbuyo nthawi zonse."

"Zoona, ababa, funsani aliyense."

"Chabwino, chabwino. Ndi mwana wabwino. Ng'ombe amazidziwa."

Leander atatembenuka anapeza Cyril ali pakhomo la chipinda, atanyamula kapu ya madzi. Anali atamva zonse. Analowa, anawamwetsa bambo ake, anawakonzera pilo, n'kutuluka.

Anawaika chimanga chisanaume, m'manda aja a kuseri kwa mpanda wa kumanzere. Pobwerera kumaliro, Marcella, amene anali atasunga mawu ake nthawi yonseyi, anawatula ali m'galimoto.

"Ine za mpira wanuwo sindizidziwa. Koma mukanam'patsa malo anu achitatu aja, inu n'kutsika pomaliza, akanadandaula ndani? Akanati mwakondera ndani?"

"Wachitatu amakhala katswiri wa..." Leander anayamba, ndipo anadzimva yekha. Sanamalize. Usiku wonse wa Loweruka lija anali atasinkhasinkha za Donnie, za wachiwiri, za zimene anthu anganene. Dzina limodzi lokha pa mndandanda silinam'bwerere m'mutu kuti likhoza kusuntha, ndipo linali lake. Anaimika galimoto m'mbali mwa msewu, manja ali pa chiwongolero, mpaka Marcella anachita kum'kumbutsa kuti kunyumba kuli alendo.

Cyril akanam'tukwana, bwenzi zinthu zitapepuka. Akanasiya timu, akanam'menya chibakera kuseri kwa khola, Leander akanathokoza. Koma Cyril sanatchulepo za tsiku limenelo. Chaka chotsatira anabwera ndi chigoba chake, n'kunjuta pamalo pake, n'kumamenya pomaliza. Chilichonse chimene mkulu wake wanena, yankho linali lomwe lija: "Chabwino, achimwene." Mawu amenewo Leander anafika powaopa.

Anayesa kulipira m'njira zina. Anam'gulira golovesi yatsopano. Nyengo yodula udzu ankatenga tchuthi kuchigayo n'kukathandiza pafamu. Lamulungu lililonse mpira ukatha ankapita naye kukakama, awiriwiri m'khola, akukamba za mtengo wa mkaka ndi za mvula. Kangapo konse Leander anatsegula pakamwa kuti anene, koma chimene chinkatulukamo linali funso la ng'ombe yotsimphina. Chibale ndi fupa, sichiwola, ndipo chawo sichinawole. Chinangokhala ndi mng'alu umene onse awiri ankaulambalala.

Zaka zinapita. Mayi Hildegard anatsatira mwamuna wawo. Leander anasiya kumenya n'kutsala ndi ukochi wokha. Donnie ananenepa, malo oyamba n'kutenga mwana wake. Mawondo a Cyril nawo anatha, moti akanjuta ankadzuka mochita kugwira pansi. Chilimwe china ananena yekha kuti masewero omaliza a chaka chimenecho ndi ake omaliza.

Leander anaona kuti mpata wake ndi umenewu. M'mawa wa tsikulo, misa itangotha, anakhala pabenchi n'kulemba mndandanda ndi pensulo, ndipo pamwamba penipeni analemba dzina la mng'ono wake. Anyamata atasonkhana anawerenga mokweza.

"Woyamba, Cyril Nathe."

Anyamata anaomba m'manja, ena kuimba mluzu. "Thirakitala patsogolo! Lero tilima!" Panalibe ndi mmodzi yemwe wonena za kukondera. Mwana wa Donnie anachita kuvula chipewa n'kumuweramira. Zinali zophweka chonchi, ndipo kuphweka kwakeko kunam'lasa Leander mumtima.

Cyril anamwetulira, anawathokoza anyamatawo. Atabalalika kukatenthetsa mikono, anabwera n'kukhala pafupi ndi mkulu wake, akumanga zingwe za m'miyendo pang'onopang'ono.

"Achimwene, fufutani."

"Ndi tsiku lako, Cyril."

"Ndamva, ndipo zikomo. Koma fufutani."

"Ndinayenera kuchita zimenezi kalekale. Tsiku lija unabwera pachigayo, ine..."

"Ndikudziwa." Cyril anamaliza kumanga mwendo wachiwiri. M'mawu ake munalibe mkwiyo ngakhale pang'ono, ndipo Leander anaufunafuna ndithu. Cyril anakweza maso kuyang'ana mzere wa magalimoto kumpanda, kenaka mitanda ya kuseri kwake. "Woyamba kuti andione ndani?"

Leander anayang'ana pepala lija.

"Ikani mnyamata waliwiro uja," anatero Cyril akudzuka movutikira. "Tikufuna kuwina."

Anatenga chigoba chake n'kupita kukanjuta. Leander anatembenuza pensulo, anafufuta mpaka pepala linatsala pang'ono kubooka, ndipo dzina la mng'ono wake analilemba pansi, pamalo ake a masiku onse.